Kapampu kanga si chitini cha penti

Bambo a mwana,

Ndapita kuchipatala, anesi a kafukufuku wa mphumu andiitana mwadzidzidzi. Pepani, tiyi sindinaphike, madzi ali m'ketulo.

Nkhani ndi ya kapampu katsopano kaja, kophatikiza mankhwala oteteza ndi otsegula chifuwa. Kali ndi manambala, ukapopa kamodzi nambala imatsika. Nditawawerengera anesiwo nambalayo pafoni, apeza kuti ndapopa kakhumi ndi kawiri kuposa zimene ndinalemba m'kabuku. Akuganiza kuti ndikubanika koma ndikubisa, ndiye akhoza kundichotsa m'kafukufukuyu.

Ine ndikudziwa kumene mankhwalawo anapita. Lamlungu ndinakuonani pakhonde mukukhutchumula kapampuko n'kupopera m'mwamba, monga mumayesera chitini cha penti kugalaja, ati kuona ngati muli kanthu. Ndikanakudzudzulani pomwepo, koma panali amayi anu. Zikuoneka kuti sikanali koyamba.

Nthawi ya nkhomaliro mundipeze, chipinda chachitatu, mukawafotokozere nokha. Musavule ovololo, akaone okha ntchito yanu. Miyezi inayi tsopano ndikukwera masitepe a kuntchito osapumira panjira. Sindibwerera ku kapampu kakale chifukwa choti inu munapenta mphepo.

Mayi a mwana