Msasa wa ku Mohokare

Ha Mokhothu,
Lesotho.
19 Febuluwale, 1884.

Okondedwa achimwene Mohapi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumigodiko, ndiponso kuti chifuwa munkadandaula chija chinakusiyani. Kalatayi ndapatsira a ngolo opita ku Kimberley. Muiwerenge nokha, pang'onopang'ono monga muwerengera, musapatse anzanu kuti akuwerengereni.

Kuno mvula yagwa bwino. Mapira a m'munda wanu wakutsetse atulutsa ngala, ndipo hatchi yanu yofiira ija inabereka mwana wamkazi. Phukusi munapatsira mnzanu wakumigodi Sekete linafika mu Novembala. Akazi anu, alamu anga 'Malineo, anafunda bulangete lija tsiku lomwelo dzuwa likuswa mtengo, nkuzungulira nalo mudzi wonse kuti anzawo alione. Sekete anagona kwanu poti kwawo nkutali, koma m'mawa sanadzuke: mutu, msana, thupi lonse moto. Patapita masiku zotupa zinatuluka. Inali nthomba. Kenako alamu nawonso anagwa. Pali ena akunena za bulangete, koma ine sindinena nawo, pakuti palibe amene anaiona nthendayo ikulowa pakhomo. Bulangetelo tinalitentha.

Onse awiri anawatengera kumsasa wa odwala umene boma linamanga kudambo la mtsinje wa Mohokare. Amuna anga, alamu anu a Motlatsi, poti ndiwo sajeni, boma linawapatsa apolisi oti azilonda mpanda, ndi lamulo loti wolowa asatuluke mpaka nkhanambo zitayoyoka. Ine anandilemba yophikira odwala chifukwa ndinatemeredwa kale kusukulu ya mishoni. Mwana wanu Lineo anabwera kudzakhala kwathu pamodzi ndi amayi athu. Tsiku la katemera, mankhwala a dokotala anatsala a munthu mmodzi pamene mzere unafika pa iwo awiriwo. Amayi anakankhira Lineo kutsogolo, akuti nkhalamba idikira bokosi lotsatira.

Bokosilo silinabwere, achimwene. Ngolo ya chimanga nayonso inaleka Khirisimasi isanafike. Paja mukudziwa kuti azungu a ku Kapa, amene akhala akutilamulira, anatopa nafe chithereni nkhondo ya mfuti ija. Iwo akuti dziko lino analibweza kwa a ku Mangalande, ndiye sangamadyetse ana a eni. A ku Mangalande akuti sanalilandire, ndipo salilandira mpaka a ku Kapa avomere kumapereka gawo la msonkho umene amatolera pa katundu wolowa kuno. Uyu akuti gawolo lachuluka, uyo akuti lachepa. Dokotala ataona kuti palibe womulipira anamanga katundu wake nkuwoloka mtsinje. Apolisi anayamba kuthawa mmodzimmodzi kukapalira minda yawo.

A Motlatsi anakwera hatchi kukaonana ndi bwana wa boma, uja timamutcha Ralitelu chifukwa cha ndevu. Si munthu woipa, anawapatsa mpando. Iwo anafunsa kuti, “Bwana, jekete ndavalali ndi la yani?”

Iye anati, “Sajeni, ngakhale ine sindikudziwa wondilipira mwezi uno. Ndatumiza uthenga wa pawaya uku ndi uku, aliyense akuti funsa mnzanga.”

Anawapatsa matumba awiri a ufa ochokera m'nyumba mwake, nkuwauza kuti lamulo la mpanda lokha ndiye silinasinthe.

Mumsasamo munali mkulu wina, a Ramosoeu, amene nthenda sinawalande pakamwa. Tsiku lililonse ndikafika ndi phala la mapira, limene linali litasanduka madzi okhaokha, ankalivundula ndi chala nkundifunsa ngati lachokera ku Kapa kapena ku Mangalande, poti ulendo wake waliondetsa. Ankati ife tili ngati ng'ombe ya abale awiri: pokama onse alipo, pokadyetsa aliyense wapweteka mwendo. Anthu ankaseka ngakhale milomo ili zilonda. Mkuluyo anachira nthomba, koma tinamuika mu Januwale.

Tinayesetsa. Tinagumula nkhokwe yathu, tinapha ng'ombe yathu yaing'ono ija. A m'midzi poyamba ankasiya madengu pamwala patali ndi mpanda, koma mukuidziwa miyezi ino, m'nyumba iliyonse ana akulirira chakudya. Madengu anayamba kuchepa mpaka pamwalapo panangotsala akhwangwala.

Tsiku lina masana, onse amene ankatha kuyenda anabwera pachipata. A Motlatsi anali atatsala okha. Anawauza kuti abwerere, kuti akatuluka akapha abale awo omwe, koma anthuwo anangoyendabe. A Motlatsi anakweza mfuti. Patsogolo panali 'Mampe, mkazi wa wosula uja, khanda lili kumsana losalira nkomwe. Anayang'ana mfutiyo nati, “Womba, Motlatsi. Chipolopolo chokha ndiye chakudya chimene boma lako silinaleke kutumiza.”

Ine ndinali pomwepo ndi mtsuko pamutu. Ndinaona mfuti ikutsika. A Motlatsi anapatuka, anthu nkudutsa. Sindiwaweruza, ndipo ndikupemphani kuti nanunso musawaweruze musanawaone.

Alamu 'Malineo anali ndi mphamvu zoyendera, koma anakana kutuluka. Anandiuza kuti sangapite kumene kuli Lineo ndi amayi zilonda zikadali zaziwisi. Anatsala ndi aja osatha kudzuka, nkumawatungira madzi, ena kuwatembenuza, ena kuwatseka maso. Sekete anafera m'manja mwawo.

Otuluka aja analowa nayo nthenda m'midzi. Kwathu inayambira kwa a wosula. Ine ndinali kumsasa, ndipo panalibe woletsa amayi kupita kukathandiza 'Mampe, mukudziwa mmene analili akamva kuti kwina kuli matenda. Achimwene, amayi anatisiya kumapeto kwa Januwale. Sanavutike masiku ambiri. Tinawaika pafupi ndi atate, ine ndi a Motlatsi ndi abusa basi, poti anthu akuopa maliro a nthomba. Asanatsirizike anafunsa ngati mapira anu apaliridwa, ndipo nditawauza kuti inde anati chabwino.

A Motlatsi anakumba okha mandawo. Chiyambire tsiku limenelo amangokhala kuseri kwa khola. Akadutsa m'mudzi anthu amalavula. Amene anali ndi abale mumsasa akuti anawasunga ndi njala, amene aferedwa kumudzi akuti anawatsegulira imfa. Tsopano tikumva kuti maboma aja agwirizana, ndipo a ku Mangalande atumiza akuluakulu awo mwezi wamawa. Ralitelu watiuza kuti akafika padzakhala kufunsa za mlonda amene anasiya chipata. Za ngolo ya chimanga sananene ngati padzakhala kufunsa.

Alamu 'Malineo anabwerera kunyumba nkhanambo zitayoyoka. Akudya, akuyenda, mawu awo ndi omwe aja. Lineo atawaona anathawira kuseri kwanga, mpaka atamuitana ndi dzina lake lakuubwana lija ndi pamene anayandikira. Anandilumbiritsa kuti ndisakulembereni zimene ndikulembazi, koma ndaona kuti nkwabwino mukhumudwire kumeneko kusiyana ndi pakhomo panu. Nthenda inalowa m'maso. Lakumanja lafa, lakumanzere limangosiyanitsa usana ndi mdima. Nkhope nayonso si ija munaisiya. Amapera mapira pamphero mofufuza ndi manja, ndipo akamva hatchi panjira amasiya nkutchera khutu, kenako nkufunda nsalu kumaso. Sakunena, koma akuopa kuti mukamva simubwera, kapena mubwera ndi wina.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani tisanakolole, ngakhale abwana anu akane. Muyambe mwatemeredwa kumeneko. Musagule chilichonse, musanyamule mphatso ya wina aliyense. Mukafika pakhomo muyambe inu kulankhula mukadali patali, kuti akudziweni. Ndipo mukawaona, chonde musakhale chete, pakuti masiku ano chete amamumva msanga kuposa mawu.

Mupereke moni kwa anyamata onse a kwathu amene muli nawo. A Ramosoeu anali ndi mwana kumeneko dzina lake Nkhahle, mumufunefune mumuuze modekha. Lineo akupereka moni, wagweruka dzino ndipo ndiye akuyenda ndi mayi ake kuchitsime. A Motlatsi nditawafunsa choti ndikulembereni anangoti ndikuuzeni kuti akukudikirani, mudzanene zonse zimene muli nazo. Alamu 'Malineo akuti ndilembe kuti ali bwino, kuti musafulumire, ndiponso kuti bulangete lija linali lokongola kwambiri. Ndalemba monga anenera.

Moni wa kwathu ndi wokhawu, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Ntsoaki.