Dilamu la Kuseli kwa Nkhokwe

Mwape, Nyimba
9 Julaye 1986

Okondedwa alongo anga a Wilbroad,

Ndikhulupilila kuti muli bwino ku Kabweko pa nchito yanu ya njanji. Kuno tinakolola ndipo sitidwala, koma mtima wanga suli bwino, ndipo sindikubisilani.

Mwina akazi anu anakulembelani kale mbali yao. Imvani yanga. Pa 5 Epulo mwana wanga Christabel anakwatiwa ndi mwana wanu Hilary. Ndinu munati asuweni akwatilane. Ndinunso munapempha kuti mtsikana apite ku Nyampande kukathandiza kumunda kwanu, m'malo moti Hilary abwele kuno pa chikamwini. Ndinavomela chifukwa ndinu malume ake.

Pa 21 Juni Amake Hilary anamubweza. Anatsika yekha pa lole ya thonje, kathumba pamutu, ndi uthenga woti ndimupeleke kwa alangizi akamuphunzitsenso, chifukwa sadziwa kuphika kapena kuchapa. Mudzi wonse unamva. Mpaka lelo akamapita kumtsinje, atsikana anzake amatsinana.

Nditamufunsa anati, "Amama, nyemba ndimateleka m'mawa, dzuwa kulowa zili gwa. Sopo satulutsa thovu, amangoyandama ngati mkaka wosasa. Malaya oyela a aHilary anatuwa. Onani tsitsi langa." Linalidi louma, lothothoka m'mbali. Ndinamukalipila, ndinati ndi ulesi. Koma m'mawa mwake anaphika nyemba pano ine ndikuona, zinapsa dzuwa lisanafike pamutu.

Pa 28 Juni ndinapita ndekha ku Nyampande. Ndisanafike panyumba panu ndinaima pa mjigo kuchapa duku langa ndi kasopo kamene ndinakapeza pa mzele ku Nyimba nditaonetsa khadi la chipani. Kanatha theka, thovu osaoneka. Mayi wina amene amapopa anaseka.

"Amai, ndinu alendo eti? Madzi ano amadya sopo. Zoyela timachapila madzi a mvula, m'nyemba timathila chidulo. Mwana wamng'ono yemwe amadziwa."

Alongo, mwaiwala kodi madzi a kwathu kuno, ofukula mumchenga wa mumtsinje? Ndi opepuka, sopo pang'ono thovu kudzaza beseni. Chidulo ife timachidziwa cha thelele basi. Mwana wanga akanadziwa bwanji za kumeneko popanda womuuza?

Panyumba panu ndinaona ketulo, m'kati mwake muli zoyela zouma ngati laimu. Kuseli kwa nkhokwe ndinaona dilamu lovundikila ndi lata, lomangidwa ndi cheni ndi loko. Pachingwe panali bulauzi ya akazi anu ya ku chalichi, yoyela mbee.

Ndinati, "Mlamu, bulauzi yayela bwino."

"Ena timadziwa kuchapa," anatelo.

"Ndi madzi ati?"

Anayang'ana kumbali. Kenaka anati, "Mwana wanuyo pakamwa alibe? Akanafunsa."

Anafunsa, alongo. Sabata yoyamba yomwe anafunsa za dilamulo, ndipo akazi anu anamuuza kuti asalikhudze, muli mankhwala a thonje. Nditanena zimenezi, mlamu anakweza mau kuti anansi amve.

"Madzi a mvula ndinatunga ndekha, ndigawile aliyense? Ndipo sopo wanga mumudziwa kumene anapita, ku Mwape kwanuko!"

Ndiye kuti kuonjezela pa ulesi, tsopano ndife mbava. Ine sindidziwa kukangana, mumandidziwa. Ndinangoti, "Zikomo, ndamva." Nthawi yonseyi Hilary anali pakhonde, akumata chubu cha njinga. Sanadzutse mutu. Pamene ndimachoka anandithamangila kumseu n'kunong'ona, "Atate aakazi, Christabel ali bwanji?" Ndinamuuza kuti njinga ali nayo, njila aidziwa.

Akazi anu anafuna mwana wa mlongo wao kuti ndiye akwatiwe ndi Hilary. Inu mudziwa, inenso ndidziwa. Sanamumenye mwana wanga, sanamumane chakudya. Anangomupatsa ndowa n'kumulozela ku mjigo, n'kumayembekezela.

Kwa alangizi sindimupeleka. Palibe chimene analakwa. Ndipo pa 3 Julaye anamwino a ku kiliniki anatiuza kuti ali ndi pakati. Ku Nyampande sindinatumize mau. Ndinu oyamba kumva. Kumeneko sabwelelanso, ngakhale amupatse kiyi wa dilamulo. Ngati Hilary amufuna mkazi wake, abwele kuno adzamange nyumba monga amachitila amuna onse okwatila kwathu. Malo ndamuikila kale pafupi ndi mtengo wa mango, udzu wofolela ndayamba kumweta. Ndidikila mpaka pa 31 Ogasiti. Akapanda kubwela, mupemphe tchuti mubwele inuyo, mudzamasule ukwati umene munamanga, pamaso pa anthu omwe aja anadya nkhuku pomanga ukwatiwo.

Ana onse akupatsani moni. Christabel sadziwa kuti ndalemba. Akanandiletsa, chifukwa lole iliyonse ikaima kumseu amatuluka kukaona amene watsika. Mukamalembela ku Nyampande, mupeleke moni wanga kwa Hilary ndi kwa mayi wa pa mjigo uja, dzina lake sindinafunse. Moni wanga wathela pamenepo.

Ndine mlongo wanu,
Josephine