Sangweji ya Atate Ake Yoramu

Lolemba, 10 Juni
Amuna anga, atate ake Yoramu, atuluka m'chipatala. Sitiroko yawaphera dzanja lamanja, lili lende ngati nsanza. Mawu akutuluka limodzilimodzi. Nawaphikira nsima, angoiyang'ana. Adye ndi lamanzere? Iwo amene anakwapula ana athu asanu onse chifukwa chotema nsima ndi dzanja limenelo!

Lachiwiri, 11 Juni
Nayesa kuwadyetsa ndi supuni. Atembenukira kukhoma. Nati, "Zaka fote-sikisi nikukuchapirani makabudula, manyazi ayamba lero?" Angomwa tiyi yekha. Anesi anati mankhwala sagwira m'mimba mopanda kanthu.

Lachitatu, 12 Juni
Sanadye. Lamba wawo naboola bowo lina.

Lachinayi, 13 Juni
Mpongozi wanga Mutinta, mkazi wa Yoramu, wabwera kuchokera ku Palabana ndi buledi. Ati, "Amayi, tiwapangire sangweji." Nati icho ni chakudya cha akazi oopa utsi. Wangoseka. Wakazinga kapenta ndi tomato ndi anyezi, wasinja pang'ono, wapaka pakati pa mabuledi awiri. Madzi a tiyi asanawire, iye wamaliza. Ndiwo m'buledi, mayo ine! Naluma kuti nimunyoze bwino. Namaliza yonse.

Amdala akana. Aona kuti ni za wodwala.

Lachisanu, 14 Juni
Nzeru yanibwerera pachitsime. Pa tiyi wa kutchalitchi abusa amagwira kapu kumanja, buledi kumanzere, palibe amawanena. Amdala nawonso amatero kuyambira kale. Lamulo lawo ni la nsima chabe.

Sangweji napanga nekha, zisanu. Tinakhala pakhonde kuwothera dzuwa, ine ndi Mutinta, kapu kumanja, sangweji kumanzere. Amdala analinso pomwepo, mbale ninaisiya pampando kumanzere kwawo, ngati naiwala. Ninauza Mutinta kuti akawayang'ana nimubweza kwawo. Tinayamba kujeda Dyness wa kwaya, uja amayimba ngati mbuzi yomangidwa.

Mbale inalira kwee. Mutinta ananitsina. Ine maso pa nkhuku, pakamwa pa Dyness. Ninamva kutafuna. Nkhani ya Dyness inatha, ninayambanso poyamba.

Kenaka: "Amake Yoramu... mchere... wachepa."

"Nanga munali kuti pophika?" ninatero. Ninathamangira mchere, patapata imodzi inatsala pakhonde. Pobwera napeza agwira yachiwiri.