Nkhandwe Ikubwera Pafupi

Lolemba, 14 Julayi

Mwana wa nkhosa winanso wapita. Ndamupeza kumpanda m'mawa, nkhandwe itadya lilime ndi mchira basi, zina zonse kuzisiya. Wachinayi chiyambire kuswa nkhosa. Msana ukuwawa, zala zachita dzanzi ndi chisanu.

Bambo akunyumba, a Lindsay, amandiyang'ana ali pakhonde, bulangeti pamiyendo. Chichitireni sitiroko dzanja lawo lamanja silikugwirabe. Akuti, "Tenga mfuti yanga ya twente-thuu." Ndatenga.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndaiphonya nkhandwe ija. Kukucha kumene inaima apo, mamita makumi anayi mwina, ikundiyang'ana ngati ndabwera kudzaipatsa moni. Ndinalunjika pamutu penipeni. Phaa! Fumbi kuseri kwake. Inachoka mosathamanga n'komwe, mwano wake!

Lachitatu, 16 Julayi

Mvula. Mwana wa nkhosa wachisanu wapita. Ndilibe mawu.

Lachinayi, 17 Julayi

A Wal oyandikana nafe anabwera kudzabwereka unyolo. Ataona mfuti anaseka.

"Glenys, iyi si ija amuna anu anaichunira pa mamita handiredi? Chipolopolo cha twente-thuu chimayenda mokhota, mayi. Kuti chikafike kutaliko chimayamba chakwera. Pakatipa ndiye chimadutsa pamwamba pa mutu wa nkhandwe, n'kuipatsa mphepo chabe. Chunani pa fifite."

A L. anamva. Lilime lolemera koma ukali ulipobe: "Wal, fifite ndi ya anthu osaona ngati iwe. Galasi lolunjikira la pamfuti yanga asaligwire munthu."

A Wal: "Nanga nkhandweyo munaiuza kuti iziima pa handiredi?"

Palibe anaseka. Ndinakatereka ketulo.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndatopa ndi amuna ndi manambala awo. Iwo amawombera ali kutali, pagalimoto, n'kumakanyadira kumowa. Ine ndimabisala kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo nkhandwe imabwera pafupi chifukwa sindiopedwa ngakhale ndi nkhuku.

Koma ndikudziwa chimene chikuwavuta amuna anga. Galasi likakhala mmene analisiyira, ndiye kuti mwini wake achira, adzawomberanso. Ndikalipotokola ine, ndanena zimene adokotala sananene poyera.

Ndinatsegula kachivindikiro ka popotokolera galasilo kushedi, n'kutsekanso. Ndalirako pang'ono, mwina ndi tulo.

Loweruka, 19 Julayi

Mapasa a nkhosa yakhutu long'ambika apitanso, onse awiri. Mayi wawo walira tsiku lonse pafupi ndi nyumba. A L. sanadye. Anandiuza nditseke zenera, kenako akuti nditsegulenso.

Lamulungu, 20 Julayi

Kutchalitchi sitinapite. Titamwa tiyi akuti, "Ndikweze pagalimoto. Tenganso katoni."

Kudambo ndinanyamula katoni ija kulunjika pamtengo wouma pamene ankakhomera nthawi zonse. Ndisanafike pakati ndinamva hutala. Kucheuka, akukodola ndi dzanja lamanzere.

"Pomwepo! Ika pomwepo."

Ndinawombera katatu mfuti itatsamira pa boneti. Mabowo onse pamwamba, kutalika kwa chala changa. Anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba, kutulutsa kandalama kachitsulo kopotokolera galasi. Anayesa okha ndi lamanzere. Kanagwa. Ndinatola, anayesanso, kanagwanso.

Kachitatu sanatambasule dzanja.

"Potokola ndiwe, Glen," anatero akuyang'ana kumapiri. "Uzitsitsa. Ndikuuza polekera."