Pansi pomwepo pafunde

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira kuyambira m'mawa, koma mtima uli m'malo.

Lero tamaliza kuyala mapaipi m'nyumba yatsopano ya a Zulu. Madzi otenthetsedwa ndi sola azizungulira pansi pa simenti kuti pansi pazifunda. Masiku onsewa ndakhala ndikuseka chamumtima. Kutenthetsa pansi ku Chipata kuno, kumene Okutobala amatiwotcha ngati mbatata? Ndimangoti ndi matama a anthu olemera.

Masana a Zulu anabwera ndi amayi awo ochokera ku Kasenengwa. Amayiwo ndinawapatsa mpando, anakana. Anayala chitenje pakhonde n'kukhala pansi, miyendo atatambasula.

"Mwaona, a Phiri?" anatero a Zulu. "Sofa ndinawagulira, sakhalapo. Miyendo ikamawawa ndi chisanu, sanena. Ndiye pansi pomwepo pafunde."

Ndinabwerera ku mapaipi. Ndinayang'ananso polumikiza paliponse kawiri, chifukwa mawa tithira konkire, ndipo pakadzadontha ndiye kuswa chipinda chonse. Sipakudontha.

Pofika kwathu ku Nabvutika ndapeza amayi anga atakhala pa saka, pasimenti pozizira, akusenda mtedza. Ndawafunsa za miyendo. Akuti ili bwino.

Nawonso sanena.