Ulusi wa buluu mu fani

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Kwatentha kuyambira m'mawa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Kompyuta yazimanso ndili mkati mokonza vidiyo ya ukwati wa ku Chiponde, yomwe eni ake akuifuna Lachisanu. Khadi yoyendetsa zithunzi ya m'kati mwa kompyutayi, yomwe ndinaitanitsa ku Blantyre, yatentha moti chala sichikanakhalapo. Imeneyi ikapsa ntchito yanga yathera pomwepo, muno m'Mangochi ina sindingaipeze.

Chonsecho ndinaisamala. Ndinachotsa chivundikiro cha m'mbali, ndinasasa fumbi ndi kaburashi, ndinaisendeza kutali ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. Masana ndinaisiya ikugwira ntchito, ine n'kupita kumzikiti. Pobwera ndapeza bokosi lonse likutentha ngati mbaula, ndipo mu fani yake yoziziritsa mwakodwa ulusi wa buluu.

Ndafunsa mkazi wanga Asiyatu. Akuti, "Ine makina anuwo sindiwakhudza." Koma poyankhapo maso anali kumbali.

Chitenje cha buluu pakhomo pano n'chimodzi, cha apongozi. Iwowo wailesi amaifunditsa, TV amaifunditsa, ngakhale ndowa ya madzi. Dzulo ndinawamva akuuza mwana wawoyu kuti, "Chinthu chodula chotere n'kumachisiya maliseche pafumbi?"

Nanga ine mkamwini ndikawafunse bwanji, pamudzi pawo pomwe? Asiyatu akuti andilankhulira, koma sindikumukhulupirira. Ulusiwo ndausunga m'bokosi la machesi.

Mawa masana sindipita kumzikiti, ndiswalira m'chipinda cha kompyuta momwemo, chitseko chili chotsekula pang'ono. Koma apongozi akalowadi ndi chitenje chija m'manja, n'kundipatsa moni waulemu, ine ndiye ndidzati...