Mumujambule Asiyatu Akamasewera

Achemwali,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine kuno ku Pearl, kunja komwe ndikugwira ntchito ya m'nyumba, ndili bwino, alhamdulillah, msana wokha ukuvuta.

Mwana wamkazi wa abwana amasewera lakirosi, kampira koponyerana ndi ndodo zaukonde. Dzulo kochi wa koleji ina ku Amerika analankhula naye pakompyuta zomutengera kukolejiko, ine ndikusita pafupi. Anati, "Zigoli zokha sizitikopa. Taona pavidiyo kuti umathamanga, umapatsira anzako, ukagonja sukwiya, komanso mkalasi umakhoza."

Ndinalowa kubafa kukalira. Mwana wanga Asiyatu ali nazo zonsezi pa netibolo, koma adzamuona ndani ku Namwerako?

Chonde mumujambule Loweruka akamasewera, munditumizire. Kokaipereka vidiyoyo sindikukudziwa, mwina ndizingoionera ndekha.

Allah akusungeni.

Mng'ono wanu,
Mariamu